Kodi ndikumulakwira mwana wanga pomudyetsa chakudya chogula?

Funso: Mwana wanga ali ndi miyezi 8. Ndinamuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6, koma tsopano ndinabwerera ku ntchito ndipo ndimafika pakhomo kutada, thupi lili lefu. Masiku ambiri amadya phala la m'paketi m'mawa, ndipo masana womulera amamupatsa chakudya cha m'timabotolo kapena cha m'timatumba tofinya. Apongozi anga anati mwana wodya zogula sakhala ndi mphamvu, ndipo ndikatsegula Facebook ndimangoona amayi anzanga akujambula timbale tokongola ta zakudya zophika okha. Kusikelo amati akukula bwino, koma ine chikumbumtima chikundivutitsa usana ndi usiku. Kodi ndikumulakwira?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi kuyankha molunjika: simukumulakwira mwana wanu. Mwana amene anayamwa mwakathithi kwa miyezi 6, amene akudya tsiku lililonse, ndipo mzere wake pa khadi la kusikelo ukukwera, ndi mwana wosamalidwa. Komabe sindikuuzani kuti chakudya chilichonse chogula n'chabwino, chifukwa ndingakusocheretseni. Pali zingapo zoyenera kusintha pa kadyedwe kamene mwafotokozaka, koma n'zosiyana ndi zimene chikumbumtima chanu chikuloza. Icho chikufunsa kuti waphika ndani, pamene thupi la mwana limafuna kudziwa zina: muli chiyani m'supunimo, n'cholimba bwanji, chikusinthasintha kapena ayi, ndiponso akumudyetsa motani.

Tiyambe ndi zimene thupi la mwana wa miyezi 8 limafuna, chifukwa tikazidziwa mantha ambiri amachoka okha. Mimba ya mwana wa msinkhu umenewu imalandira chakudya chokwana pafupifupi kapu imodzi pa nthawi. Akatswiri amawerengera magalamu 30 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwanayo. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mwana woyamwa wa miyezi 6 mpaka 8 amafunika makalori pafupifupi 200 patsiku ochokera ku chakudya choonjezera, wa miyezi 9 mpaka 11 amafunika 300, ndipo wa miyezi 12 mpaka 23 amafunika 550. Zotsalazo zimachokera ku mkaka. Apa mukuona kuti pa msinkhu wa mwana wanu gawo lalikulu la mphamvu zake likuchokerabe ku mkaka, ndipo timabotolo timene tikukusowetsani tuloti ndi gawo laling'ono chabe la zimene zikumukulitsa. Simunanene ngati akuyamwabe. Ngati akuyamwa, pitirizani m'mawa, madzulo ndi usiku ngakhale masana mumakhala ku ntchito, popeza malangizo ndi akuti mwana ayamwe mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Chimene mkaka wa m'mawere sungathenso kukwaniritsa pa msinkhu umenewu ndi ayironi, amene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi. Mwana amabadwa ndi ayironi amene anatenga kwa mayi ake ali m'mimba, ndipo ameneyo amayamba kutha mwana akamakwanitsa miyezi 6, nthawi yomwe magazi ake akuchuluka ndipo ubongo wake ukukula mofulumira. Ku America amawerengera kuti mwana wa miyezi 7 mpaka 12 amafunika mamiligalamu 11 a ayironi patsiku, pamene mwamuna wamkulu amafunika 8 okha, kutanthauza kuti kamwana kanuko kakufuna ayironi woposa wa bambo ake. N'chifukwa chake kuchepa kwa magazi kumagwira ana ambiri a msinkhu umenewu, ndipo n'chifukwa chakenso phala la m'paketi limene anathiramo ayironi ndi zinki ine sindilinyoza. Pa nkhani ya ayironi, phala lotere nthawi zambiri limaposa phala lophika pakhomo la ufa wokhawokha. Mukafuna kuyesa phala lililonse, logula kapena lophika nokha, tapani pa supuni kenako muipendeke. Likayenderera n'kumadontha, ndiye kuti mwanayo akudzaza kamimba kake ndi madzi. Phala loyenera limakakamira pa supuni n'kumatsika pang'onopang'ono. Ndaona ana opinimbira amene sanalawepo chakudya chogula chibadwire, amene amayi awo ankadzuka mbandakucha kuwaphikira ndi chikondi chonse, koma phala lake linali lamadzimadzi, lopanda dzira, nyemba, mkaka kapena kadontho ka mafuta. Mawu akuti “chophika pakhomo” sanena kanthu za zimene zili m'mbale.

Mwinanso zingakuthandizeni kudziwa kuti kutopa kwanuku si kwachilendo, ndipo ndi kumene kunathandiza kubala malonda amenewa. Henri Nestlé anayamba kugulitsa ufa wa ana wosakaniza mkaka ndi tirigu ku Vevey, m'dziko la Switzerland, mu 1867, pofuna kuthandiza makanda amene sankatha kuyamwa. Zakudya zosefa za m'zitini zinatchuka ku America kuyambira mu 1928, pamene kampani ya banja la Gerber ku Fremont, m'chigawo cha Michigan, inayamba kuzipanga, ndipo mbiri ya kampaniyo imati ganizoli linachokera kwa Dorothy Gerber, mayi amene anatopa ndi kusefera mwana wake ndiwo zamasamba pamanja. Kuyambira mu 1981, bungwe la Codex Alimentarius, limene linakhazikitsidwa ndi WHO pamodzi ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse la FAO, lili ndi miyezo yapadera ya zakudya za ana za m'mabotolo ndi m'zitini komanso ya phala la ana, ndipo mayiko ambiri amaidalira pokonza malamulo awo.

Pa nkhani ya ukhondo, mayi wopita ku ntchito ngati inu ayenera kuganiza mofatsa asananyoze botolo. Chakudya cha m'botolo chimatenthetsedwa kwambiri ndi kutsekedwa mosalowa mpweya, motero chimakhala chopanda tizilombo mpaka nthawi yotsegula. Chakudya chophika m'mamawa n'kuchisiya m'bakuli kuti mwana adye masana ndi madzulo, popanda firiji kapena popanda kuchitenthetsanso mpaka chiwire, ndi chimodzi mwa zifukwa zimene matenda otsekula m'mimba amachulukira pakati pa miyezi 6 ndi 12, nthawi yomwe ana ayamba kudya zoonjezera. Lamulo lake ndi lakuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Palinso vuto la chuku: ufa ndi mtedza zosungidwa pachinyezi zimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ngakhale mutaphika chotani. Sindikunena izi pofuna kukuopsezani pa zophika pakhomo, koma kuti muone kuti mbali zonse ziwiri zili ndi zofunika kusamala.

Makolo ambiri anachita mantha pamene zinamveka kuti m'zakudya za ana zogulitsidwa ku America munapezeka zitsulo za poizoni za mtovu, arsenic, cadmium ndi mercury, nkhani imene komiti ina ya nyumba ya malamulo ya dzikolo inatulutsira lipoti mu Febuluwale 2021. Ambiri anaganiza kuti njira yothawira ndi kuphika okha. Koma mu 2022 bungwe la Healthy Babies Bright Futures linayeza zakudya 288, zogula ndi zokonza pakhomo, ndipo linapeza zitsulo zimenezi mu 94 peresenti ya zogula komanso mu 94 peresenti ya zokonza pakhomo ndi zakudya wamba za banja. Chifukwa chake n'chakuti zitsulozo zimachokera m'nthaka ndi m'madzi, ndipo mbewu imaziyamwa ikadali m'munda, isanadziwe kuti ikupita ku fakitale kapena ku khitchini kwanu. Mpunga umayamwa arsenic wochuluka kuposa mbewu zina zambiri, n'chifukwa chake mu 2020 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linaika malire a arsenic m'phala la ana la mpunga. Chitetezo chenicheni ndi kusinthasintha. Ngati phala la m'paketi limene mumagula ndi la mpunga tsiku ndi tsiku, muzilisinthanitsa ndi la oats, la tirigu, la chimanga kapena la mapira.

Tsopano ndinene zimene sindikondwera nazo pa zakudya zogula, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali ntchito yanu yeniyeni. Choyamba ndi shuga. Mu 2019 ofesi ya WHO ya ku Ulaya inafalitsa zotsatira za kafukufuku wa zakudya ndi zakumwa za ana pafupifupi 8,000 zochokera m'masitolo oposa 500 a m'mizinda ya Vienna, Sofia, Budapest ndi Haifa. M'mizinda itatu mwa inayiyo, theka kapena kuposerapo la zakudyazo linali ndi makalori oposa 30 peresenti ochokera ku shuga, ndipo pafupifupi chimodzi mwa zitatu zilizonse chinali chothiridwa shuga, madzi a zipatso okhuthala kapena zotsekemeretsa zina. Zambiri zinalembedwanso kuti n'zoyenera ana osakwana miyezi 6, zomwe zikutsutsana ndi malangizo a kuyamwitsa mwakathithi. Mu Epulo 2024 bungwe la Public Eye la ku Switzerland pamodzi ndi IBFAN, mgwirizano wa mabungwe olimbikitsa kuyamwitsa, linanena kuti phala la Cerelac la kampani ya Nestlé logulitsidwa m'mayiko a ku Africa, Asia ndi Latin America linali ndi shuga wothira wokwana pafupifupi magalamu 4 pa chakudya cha nthawi imodzi, pamene logulitsidwa ku Germany ndi ku Britain linalibe. Kampaniyo inayankha kuti imatsatira malamulo a mayiko amene imagulitsako. Magalamu 4 ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Kakuoneka kochepa, koma malangizo a WHO a mu 2023 amati ana osakwana zaka 2 asamapatsidwe zakudya zochuluka shuga kapena zakumwa zotsekemera, chifukwa shuga amaononga mano amene akungomera kumene ndipo amazoloweretsa lilime kufuna zotsekemera zokhazokha.

Choncho ulendo wina mukagwira paketi, musachedwe ndi kutsogolo kumene kuli chithunzi cha khanda lonenepa ndi masamba obiriwira. Itembenuzeni muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Zosakaniza zimalembedwa motsatira kuchuluka kwake, kuyambira chochuluka kwambiri. Mudzadabwa kupeza kathumba kolembedwa sipinachi ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo, koma kumbuyo choyamba ndi apulo, chachiwiri ndi nthochi, ndipo sipinachiyo ali kumapeto kwenikweni, wongokwanira kusintha mtundu. Mwana wodya zimenezo akuphunzira kukoma kwa apulo, ndipo tsiku limene adzakumane ndi masamba enieni adzawalavula. Fufuzani mawu monga sugar, sucrose, glucose syrup, honey ndi fruit juice concentrate. Onsewa ndi shuga, ngakhale kutsogolo atalemba kuti n'zachilengedwe. Pa phala, onani ngati muli ayironi wothira. Pa timabotolo, sankhani tambiri tokhala ndi nyama, nsomba, nyemba kapena masamba kuposa ta zipatso, chifukwa zipatso zopera zimakhala ndi madzi ambiri ndi shuga wambiri koma ayironi wochepa kwambiri. Nthochi yakupsa mungathe kuikanya ndi foloko m'kanthawi kochepa kuposa kotsegulira botolo, ndiye palibe chifukwa choboolera m'thumba pogula nthochi yopera kale.

Chachiwiri, chimene kwa mwana wa miyezi 8 ndimachiona chofunika mwina kuposa shuga, ndi kufewa kwa chakudya. Zambiri za m'timabotolo ndi m'timatumba zimakhala zosalala mofanana tsiku lililonse, pamene mwana pa msinkhu umenewu akuyenera kuphunzira kuyendetsa chakudya ndi lilime kuchokera pakati kupita m'mbali, kutafuna ndi nkhama ndi kumeza timibulu. Luso limeneli lili ndi nthawi yake. Kafukufuku wa ALSPAC, amene wakhala akutsatira ana zikwizikwi obadwa m'dera la Bristol ku England mu 1991 ndi 1992, anapeza kuti ana amene anayamba kudya chakudya cha timibulu atapitirira miyezi 9 ankadya mitundu yochepa ya zakudya ndipo ankavuta kudyetsa ngakhale atafika zaka 7. Mwana wanu ali pa nthawi yabwino kwambiri yoyambira. Safunika mano kuti atafune mbatata yophika bwino, peyala lakupsa kapena dzira lophika mpaka kulimba n'kulinyenyanyenya.

Kathumba kofinya kali ndi vuto lake lapadera. Mwana akamayamwa chakudya pa kamlomo ka kathumbako sachiona, sachinunkhiza, sachigwira, ndipo satafuna. Amangomeza mofulumira monga amachitira ndi mkaka, nthawi zina kupitirira pamene wakhutira, ndipo zotsekemerazo zimakhalitsa pa mano akutsogolo. Ndikanauzidwa kuti ndisankhe chinthu chimodzi chokha choti musinthe mawa, ndikanati womulera azifinyira chakudyacho m'kambale n'kumudyetsa ndi supuni, mwanayo atakhala tsonga. Kachivindikiro ka kathumbako kazikhala patali, chifukwa kangathe kumutsamwitsa.

Mukayamba kumupatsa timibulu, mudzamuona nthawi zina akuchita ngati akufuna kusanza, nkhope itafiira, akukhosomola ndi kutulutsa lilime. Zimenezi zimaopsa koma ndi njira ya thupi yobwezera kutsogolo chakudya chimene chapita msanga kukhosi, ndipo zimachepa akamazolowera. Kutsamwa kwenikweni kumakhala kwachete: mwana satha kulira kapena kukhosomola, ndipo milomo imasintha mtundu. N'chifukwa chake sayenera kudya ali yekha, atagona kapena akukwawa, ndipo mtedza wathunthu, mphesa zosadula ndi kaloti wosaphika siziyenera kufika m'manja mwake. Ndi bwino kuti inu ndi womulera mupemphe azaumoyo akuonetseni chochita mwana akatsamwa.

Chachitatu ndichidutsa mwachangu. Zakudya zambiri zogula zimapewa mazira, mtedza ndi nsomba, zomwe kale makolo ankauzidwa kuti azichedwetse poopa ziwengo. Malangizo amenewo anasintha. Mu 2015 kafukufuku wa LEAP, wotsogoleredwa ndi Gideon Lack ku London, amene anatsatira ana 640 omwe anali pa chiopsezo, anasonyeza kuti kuyamba msanga kudya mtedza kunachepetsa vuto la thupi kudana ndi mtedza ndi pafupifupi 80 peresenti pofika zaka 5. Motero mtedza wopera bwino wothira m'phala ndi dzira lophika mokwanira ziyenera kulowa m'kadyedwe kake tsopano, chimodzi pa nthawi. Ngati ali ndi vuto lalikulu la khungu louma ndi loyabwa, kapena anatupapo atadya chinachake, yambani mwafunsa dokotala.

Mwina mukuganiza kuti ndakuonjezerani ntchito, koma si choncho. Chimene chimatopetsa amayi ambiri ndi ganizo lakuti kuphikira mwana kumatanthauza mphika wapadera, makina operera ndi timabakuli tambirimbiri todzaza mu firiji. Mwana wa miyezi 8 angathe kudya za mumphika wa banja. Pamene mukuphika chakudya chamadzulo, patulani masupuni awiri kapena atatu a nyemba, nsomba yochotsa minga, nyama yofewa kapena masamba musanathire mchere, tsabola ndi makyubu okometsera, kenako mukanye ndi foloko. Mchere ndi wofunika kuusamala chifukwa impso za khanda sizinakhwime. Ku Britain amalangiza kuti mwana wosakwana chaka asapitirire galamu imodzi ya mchere patsiku, ndipo pa mfundo imeneyi timabotolo ta ana kawirikawiri timaposa chakudya cha akulu chothira kale mchere. Uchi musamupatse asanakwanitse miyezi 12, chifukwa ungakhale ndi tizilombo ta Clostridium botulinum timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato. Mungathenso kusakaniza: theka la botolo la masamba n'kuthiramo dzira lonyenya, kapena phala la m'paketi n'kuonjezeramo supuni ya mtedza wopera. Chakudya chotere n'chogula ndiponso n'chapakhomo, ndipo thupi la mwana silifunsa kuti chili mbali iti.

Muyeso umene WHO ndi UNICEF amagwiritsa ntchito poona ngati mwana akudya zakasinthasintha ungakuthandizeni kuposa zithunzi za pa intaneti. Iwo amagawa zakudya m'magulu 8: mkaka wa m'mawere; zokhutitsa monga chimanga, mpunga, tirigu ndi mbatata; nyemba, mtedza ndi njere zina; mkaka wa ziweto ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka; nyama, nsomba ndi chiwindi; mazira; zipatso ndi masamba okhala ndi vitamini A wambiri monga kaloti, maungu, mango ndi masamba obiriwira kwambiri; ndipo pomaliza zipatso ndi masamba ena. Mwana akadya kuchokera m'magulu osachepera 5 pa tsiku, ndiye kuti wafika pa muyeso. Tawerengani za mwana wanu: ngati akuyamwabe, bere m'mawa ndi gulu limodzi, phala ndi lachiwiri, botolo la kaloti ndi nkhuku likupereka awiri, ndipo nthochi kapena dzira la madzulo likukwanitsa asanu. Muyesowu sufunsa ngati kalotiyo anachokera m'botolo. Pa miyezi 6 mpaka 8 mwana woyamwa adye kawiri kapena katatu patsiku, ndipo kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndi tina totolatola kamodzi kapena kawiri ngati akufuna.

Popeza masana amakhala ndi womulera, mumuonetse bwino kasamalidwe ka timabotolo. Chivindikiro cha botolo losatsegula chimakhala cholowa pakati, ndipo potsegula chimalira kuti pho. Chikakhala chotukuka kale kapena chosalira, botololo litayidwe, chimodzimodzi kathumba kofufuma kapena kopitirira tsiku lake. Asamadyetse mwana molunjika kuchokera m'botolo ngati chakudyacho chitsale, chifukwa supuni imabwerera m'botolo ndi malovu, ndipo tizilombo timaswana m'menemo. Atape chokwanira m'kambale, chotsalacho atseke n'kuika mu firiji, ndipo chidyedwe m'nthawi imene yalembedwa pa botolopo, kawirikawiri tsiku limodzi kapena awiri. Ngati firiji palibe, chotsala chisasungidwe.

Kadyetsedwe nako n'kofunika mofanana ndi chakudyacho, ndipo apa mayi wotopa ndi wodziimba mlandu amatha kulakwitsa mosadziwa. Mayi amene wathera ola lonse akuphika ndi kupera amavutika kulola kuti mwana akane. Amamukakamiza, kumunyengerera ndi foni, kapena kumutsekula kukamwa ndi supuni, chifukwa kukanako kumamupweteka mumtima. Katswiri wa kadyedwe wa ku America, Ellyn Satter, anaphunzitsa kuti udindo ugawidwe pawiri: kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo, ndipo mwana asankhe ngati adye komanso kuchuluka kwake. Mwana akatembenuza mutu, akatseka pakamwa kapena akayamba kukankha supuni, wakhuta. Akakana chakudya chatsopano, musaganize kuti sachikonda. Ana ambiri amafunika kulawa chinthu maulendo 8 mpaka 10 kapena kupitirira asanachilandire, makamaka masamba owawirako. Mphindi 15 zimene mwakhala naye maso ndi maso, mukumulankhula, iye akupaka phala kumaso ndi kukupatsaniko ndi kadzanja kake, zimamuphunzitsa zambiri zokhudza kudya, ndipo ngati botolo ndi limene lakupatsani mphindi zimenezo, lagwira ntchito yake.

Za apongozi anu, ndikuona kuti mawu awo ali ndi mbali yoona. Mwana wodya zipatso zopera zokhazokha sangakhaledi ndi mphamvu, ndipo iwo akudera nkhawa mdzukulu wawo, ngakhale mawuwo anakulasani. Kukangana nawo sikungakupindulireni. Aonetseni khadi la kusikelo, muwafotokozere zimene mwanayo amadya pa tsiku, ndipo ngati amakhala pafupi muwapemphe kuti tsiku lina amukonzere chakudya chopanda mchere ndi shuga. Agogo ambiri amafewa akapatsidwa gawo. Bambo a mwanayo nawonso simunawatchule. Kuwiritsa dzira, kuwerenga zolembedwa pa paketi ndi kudyetsa mwana madzulo si ntchito zofuna mayi yekha, ndipo ndimaona kuti n'zosalungama kuti mlandu wonse wa kadyedwe ka mwana uzigwera munthu mmodzi m'nyumba ya makolo awiri. Zithunzi za pa Facebook zimaonetsa mbale mwana asanaikhudze. Sizionetsa zimene anameza, zimene anataya pansi, kapena amene anatsuka mapoto, ndipo ena mwa ozijambulawo amalipidwa kuti atsatse makina ndi timbale timene mukuonato. Makampani a zakudya za ana nawonso amadziwa kuti kholo lodera nkhawa limagula msanga, n'chifukwa chake msonkhano waukulu wa WHO unakhazikitsa malamulo a katsatsidwe ka mkaka wa ana mu 1981, ndipo mu 2016 unapempha mayiko kuthetsa kutsatsa kosayenera kwa zakudya za makanda ndi ana aang'ono. Mumakokedwa mbali ziwiri, ndipo mbali zonsezo pali amene akupindula ndi nkhawa yanu.

Dokotala wa ana wa ku England, Donald Winnicott, amene anagwira ntchito ndi amayi ndi makanda kwa zaka zambiri, analemba cha m'ma 1950 kuti mwana safuna mayi wangwiro, koma mayi amene amamusamalira mokwanira, amene nthawi zina amaperewera m'zing'onozing'ono ndipo mwanayo amaphunzira kupirira nazo. Kudziimba mlandu kuli ndi phindu pamene kukuloza chinthu chimene mungathe kukonza, monga shuga wa m'phala kapena kuyamwa pa kathumba. Mukakonza zimenezo n'kupeza kuti mtima ukupwetekabe chimodzimodzi, ndiye kuti gwero lake silinali chakudya.

Mawu anu akuti chikumbumtima chikukuvutitsani usana ndi usiku sindikufuna kuwadumpha. Malinga ndi WHO, amayi pafupifupi 13 pa 100 aliwonse amene angobereka kumene amakhala ndi vuto la maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerochi chimayandikira 20 pa 100 aliwonse. Vutoli lingayambe nthawi iliyonse m'chaka choyamba, nthawi zina pamene zinthu zasintha monga kubwerera ku ntchito, ndipo nthawi zambiri limadzibisa m'ganizo limodzi lobwerezabwereza lakuti “sindine mayi wabwino”. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala mukusowa tulo ngakhale mwana atagona, mukulira pafupipafupi, simukusangalala ndi zimene munkakonda, chilakolako cha chakudya chasintha, kapena mukuganiza kuti mwanayo angakhale bwino popanda inu, kaonaneni ndi azaumoyo msanga ndipo mukawauze zimenezi monga mmene mwandiuzira ine, chifukwa ndi matenda ochizika. Pa ulendo womwewo mutenge khadi la mwana ndi mapaketi a zakudya zimene amadya kawirikawiri, kuti akaone zosakaniza zake pamodzi nanu. Mukawapemphenso kuti amuyang'ane ngati ali ndi magazi okwanira, makamaka ngati anabadwa masiku asanakwane kapena ndi sikelo yotsika, ngati zikhatho ndi m'kati mwa zikope zake zikuoneka zotuwa, kapena ngati mzere wa pa khadi wasiya kukwera kwa miyezi iwiri yotsatizana.